Mabatire a Amayi Afika

Lewisham, London
9 Juni 2007

Achemwali anga a Mable,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya amayi ikuti bwanji ndi chisanu cha ku Tsangano? Kuno mkazi wanga Gladys ndi mwana wathu Luntha ali bwino. Ine ndiliko, monga amayankhira munthu wosafuna mafunso ambiri.

Phukusi lija a Goodwell anabwera nalo kuchokera kwanuko, anatipatsa Lamulungu ku tchalitchi ku Woolwich. Mtedza tadya kale. Koma pansi pake ndinapeza mabatire asanu ndi atatu a wailesi, aakulu aja, atakulungidwa mu mpango wa amayi. A Goodwell akuti amayi anawagwira mkono n'kuwauza kuti asachedwe nawo m'njira. Akuti a wailesi yawo satha mwezi, nanga a mtima wa mwana wawo, umene suzimitsidwa ndi usiku womwe?

Wolakwa ndine. Pa foni ndinangoti madokotala andiika batire pa mtima. Ndi kachipangizo konga bokosi la machesi, kali mkati mwa khungu m'munsi mwa phewa lamanzere. Mtima ukayamba kuthamanga mosokonekera, iko kamaukwapula ndi magetsi kuti ubwerere pamzere, monga ankatichitira ahedi athu a Abednego. Batire lake limakhala zaka zisanu kapena kuposa.

Gladys ataona mabatirewo anaseka mpaka kukhala pansi. Inenso ndinayamba kuseka, kenaka ndinadzigwira. Achemwali, masiku ano ndimaopa kuseka.

Sindinakuuzeni za mu Malichi. Ndinali m'basi ya 54, ndikumusimbira mnzanga wa ku Zambia mmene ndinagwera m'dibi la ng'ombe nditavala yunifolomu yatsopano. Ndisanafike pokoma penipeni, kachipangizo kaja kanandimenya. Zinali ngati ng'ombe yomweyo yandiponda pachifuwa. Ndinapezeka ndagwada pakati pa mipando, azungu atakweza nyuzi zawo mwaulemu kuti asandione.

Dokotala anati ndithokoze, kagwira ntchito yake, pakanapanda iko mukanandilandira ku Chileka ndili pamodzi ndi masutikesi. Ndinathokoza. Koma kuyambira tsiku limenelo kwaya ndinasiya, masitepe ndimakwera ngati ndasenza mazira, chala sichichoka pa mtsempha wa padzanja. Ku nyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, nkhalamba ina imene ndimaisambitsa inandifunsa kuti pa awirife akusamala mnzake ndani. Luntha anafunsa mayi ake, m'Chingerezi chake chija, chifukwa chake adadi anasiya kunama nthano.

Tsono nali bodza limene sindinasiye. Ndinakuuzani kuti abwana andikaniza tchuthi cha mu Ogasiti, kuti sindidzakhalapo povundukula chiliza cha abambo. Tchuthi anandipatsa. Dokotala anavomera kuti ndikwere ndege, ndipo kakhadi koonetsa pa bwalo la ndege ndili nako. Wandikaniza ndi mantha. Namwino anati kakandimenya kamodzi ndikhale pansi ndipume, koma kakabwereza ndithamangire kuchipatala. Ku Tsangano munthu amathamangira kuti? Ndimadziona nditaimirira kumanda ngati mwana wamwamuna woyamba, ndikuyankhulira banja, kenaka ndagwada m'fumbi amayi akuona. Anaika kale mwamuna wawo pamenepo.

Gladys anandiuza mawu amodzi okha: "Ukatsala, udzawauze wekha amayi chifukwa chake."

Sindingathe, achemwali. N'chifukwa chake ndalembera inu. Amayi musawauze kanthu pakadali pano, koma za abwana zija musazibwerezenso kwa achibale. Mng'ono wanga Felton akonzekere kudzayankhula m'malo mwanga mawu akadzandithawa.

Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi. Alamu akadzapita ku boma ndi galimoto yawo, adzayang'ane wotchi ponyamuka pakhomo pa amayi, adzayang'anenso pofika pa geti la chipatala. Asathamange, asandikometsere. Mudzandiuze mphindi zake zenizeni, ine ndidzapita nazo kwa namwino uja ndikamve kuti akuti bwanji. Tikiti sindinagule, komanso tchuthi sindinabweze.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu wamantha,
Wilbroad