Namzeze wovala mphete ya Katimba

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo miyendo ija yaleka kutupa. Kodi mukudya? Achimwene akuti chimuikireni mng'ono wanga Katimba, mbale zanu zikumabwerera zosakhudza. Ine kuno ndiliko, ntchito ndayambanso.

Uthenga unandipeza ndili pamakwerero ku laibulale, ndikubweza mabuku m'mashelefu. Foni italira ndinakumbukira tsiku lija la kuchipatala. Anali mkulu wa gulu lofufuza za mbalame, lomwe Katimba wathu ankagwira nalo ntchito. Anati ndiyambe ndakhala pansi. Kenako anandiuza kuti kudziko lina, kutsidya kwa chipululu ndi nyanja yamchere, wofufuza mnzawo wagwira namzeze amene wamanga chisa m'khola la ng'ombe. Kumwendo kwake kunali kamphete ka nambala. Atafufuza, anapeza kuti anamuveka ndi Katimba, ndi timanja take tomwe tija.

Amayi, ndinangokhala pamakwerero pomwepo buku lili m'manja. Ndawerenga maulendo ambiri, a pangamila ndi a pazombo, koma kanthu kopepuka ngati kalata ino, kopanda kamba, kopanda wokalozera njira, n'kuuluka mtunda wonsewo! Mukukumbukira abambo ankati anamzeze akasowa ndiye kuti apita kukatenga mvula? Sanaphonye kwenikweni, anangochepetsa mtunda.

Mphetezo Katimba ankaveka kudambo la kuseri kwa mafakitale, lomwe a khonsolo akufuna kulikwirira kuti pakhale poimika malole. Anandikokerako kamodzi, ine ndikung'ung'udza za udzudzu. Dzuwa litapendeka, kumwamba kunada ndi anamzeze. Anazungulira ngati utsi, kenako onse anagwera m'bango ngati wina wawakhuthula, mlengalenga n'kungoti mbee. Iye anachotsa mmodzi muukonde, namuuzira nthenga za pamimba kuti aone mafuta pansi pa khungu. Anati ameneyo wanenepa, ulendo wayandikira. Anandisekanso kuti ine ndi mafuta angawa ndikanapita n'kubwerako osapuma.

Sabata yatha kunali msonkhano wa khonsolo, ndipo ndinapempha tchuthi kuti ndikamve. Khansala wina ananena kuti mbalame zili ndi mapiko, zikasake dambo lina. Anthu anaseka. Mkulu wa gulu uja sanapse mtima. Anaonetsa pamapu madambo oyandikana nalo omwe anauma kale, nafotokoza kuti anamzeze akasowa pogona ndi ponenepera sangawoloke chipululu. Kenako anatchula wa m'khola la ng'ombe uja. Khansalayo anafunsa kawiri ngati ndi mbalame yomweyodi. Atamutsimikizira, anavula magalasi n'kuyang'ananso pamapu paja. Dzina la mwana wanu linatchulidwa m'chipinda chimenecho, Amayi, pamaso pa akuluakulu, ndipo ine ndinalira mosabisa.

A khonsolo agwirizana kuti bango lisakhudzidwe mpaka dzinja likubwerali lithe. Ofufuza akagwiranso mbalame zovala mphete, n'kuonetsa kuti zimabwerera padambo lomwelo, adzaliteteza ndi lamulo. Zikapanda kugwidwa, malole alowa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pogawa katundu wa malemu, amalume anatenga ukonde wakuda wopyapyala uja poganiza kuti ndi wa nsomba, ndipo ndamva kuti tsopano atchingira anapiye kuopa akabawi. Si wa nsomba, ndi wogwirira mbalame osazipweteka. Sunalinso wa Katimba, ndi wa gulu, ndipo oterowo ali nawo ochepa. Ine sindingayerekeze kuwauza, mukuwadziwa alongo anu akafufuma. Inu amakumverani. Muwauze mofatsa kuti ndiwagulira waya wa nkhuku. Pouchotsa asaukoke, umang'ambika msanga. Muupinde bwino, muwapatse alamu akamabwera kuno.

Ndawauza a gulu kuti mvula ikayamba ndizipita nawo. Kuveka mphete sindidziwa, koma kugwira timatumba toikamo mbalame ndingathe, ndipo za udzudzu sindidandaulanso.

Zina n'zazing'ono. Mpope wa kukhitchini ukudontha, ndipo eni nyumba afunsa ngati ndikufuna wina wokhala naye m'chipinda cha Katimba chija. Ndati adikire kaye.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anu onse. Amalume muwapatse moni wanga musanatchule za ukonde.

Kuno kwatsala ine, majombo a Katimba amatope omwe sindinawatsuke, ndi bango lomwe lapatsidwa dzinja limodzi.

Ndine mwana wanu wachisamba.