Nsalu Yoyera ya ku Harajuku

Achemwali anga a Tokiko,

Ndikhulupirira kuti chisanu sichinakufooketseni kumudziko. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikudandaula.

Dzulo mwana wanga Mizuho ananditengera ku Harajuku, dera la mumzinda komwe iye amasoka madiresi. Achemwali, atsikana akumeneko akuchita ngati maluwa oyenda! Mwana wanuyunso tsitsi analisandutsa lobiriwira. Ndinangoti kukamwa yasa.

Koma titangolowa pachipata cha kachisi wina wakomweko, phokoso lonse linangoti zii. Mitengo italiitali, timiyala tikulira kumapazi. Mizuho anawerama, n'kundikokera m'mphepete mwa njira. "Amayi, pakati m'podutsa milungu, mwaiwala?" Kundiuza ine amene ndinamuphunzitsa!

Kenaka anatulutsa m'chikwama nsalu yoyera yaitali, yomanga pamimba ija, kuti wansembe aidalitse. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti linali tsiku la Galu, la mwambo wa amayi oyembekezera, lomwe inu ndi ine tinamangira zathu, mimba zitakwana miyezi isanu. Ndinazindikira kuti Mizuho ndi woyembekezera, koma za mwamuna sindinafunse. Titafika kunyumba ndinamumanga nsaluyo ndekha.

Bambo ake a Mizuho musawauze kaye. Koma ulusi wofewa munasunga uja, yambani kulukira tizovala ta khanda.

Ndine mng'ono wanu,
Harue