Dzanja la a Chikaonda

Loweruka madzulo. Kwachita mitambo tsiku lonse. Ndapambana, koma mtima suli m'malo.

Fainolo ya chesi inali mu holo ya pasukulu pathu kuno ku Domasi, ndipo wopambana ndiye apite ku Blantyre. Ndinakumana ndi a Chikaonda, omwe anandiphunzitsa masewerawa ndili Fomu 1. Chidwalireni sitiroko, dzanja lawo limanjenjemera.

Ndinayamba ine ndi tizidutswa toyera, iwo n'kuyankha ndi njira yawo yodzitetezera yotchedwa Sisiliyani, imene amaidziwa ngati njira ya kwawo ku Malemia. Tisanapite patali, dzanja lija linagwira kachidutswa kolakwika, hachi m'malo mwa bishopu.

“Sindinaone, aphunzitsi,” ndinanong'ona.

“Ine ndaona. Ukagwira, usunthe. Anakuphunzitsa zimenezi si ine?”

Anasuntha hachiyo, kwini yawo, kachidutswa kamphamvu koposa, n'kutsala poyera. Ndinazengereza, wotchi ikuyenda. Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinaidya.

Masewera anathera pomwepo, anthu n'kuomba m'manja. Iwo analongedza tizidutswa kamodzikamodzi m'bolodi lawo lopinda, osalola kuthandizidwa, kenaka n'kundipatsa bolodi lawolo. Akuti kunyumba lingowapweteketsa mtima.

Lili patebulo apa. Ndalephera kulitsegula.