Amayi anakana kudya pamaso pa mkamwini

Aphungu,

Ndine mayi wachitsikana, ndinakwatiwa chaka chatha, ndipo pano ndine woyembekezera, kwatsala miyezi iwiri. Nkhani yangayi ena aiseka poti inayambira pa mbale ya chakudya, koma ine ikundisowetsa tulo.

Amuna anga, a Edmond, anabadwira ndi kukulira m'tauni muno mwa Chipata. Kwawo onse amadyera pa thebulo limodzi, apongozi, akamwini, ana, palibe wothawa mnzake. Ine kwathu ndi ku Chipangali, ndipo amayi anga ndi munthu wakumudzi weniweni, wa chimanga ndi nshawa, wosaphonya Misa. Mwezi wathawu anabwera kudzandiona, ulendo wawo woyamba kulowa m'nyumba mwathu chichitireni ukwati.

A Edmond anakondwa zedi. Anati apongozi sangayende mtunda wonsewo n'kudzadya zomwe amadya masiku onse, tiwatengere ku kalesitilanti kena ka anthu a ku Nigeria komwe iwo amakonda kudya ndi anzawo akuntchito. Si malo apamwamba ayi, mipando ya pulasitiki, kanema pakhoma, fungo la tsabola kukulandirani pakhomo. Ine ndinada nkhawa, poti kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sadyera pamodzi mpaka akuluakulu atawamasula. Koma ndinati m'tauni muno amayi aona okha kuti zinthu n'zina, ndiye ndinangokhala chete.

Titakhala pansi, a Edmond anaitanitsa ngati kuli ukwati: mpunga wofiira uja amati jolofu, chilazi chosinja chooneka ngati nsima yoyera, masamba otendera ndi nthanga omwe amawatcha egusi, ndi msuzi wa mbuzi wa tsabola wambiri. Amayi anasamba m'manja, n'kuika manjawo pamiyendo. Kenako anatembenuza mpando pang'ono n'kumayang'ana mpira pa kanema, munthu woti za mpira sazidziwa n'komwe.

Amuna anga anaganiza kuti amayi sakudziwa kadyedwe kake. Aphungu, anatambasula dzanja, kutema chilazi m'mbale ya apongozi awo, kusunsa mu egusi, amvekere, "Amayi, ichi sitimatafuna, timangomeza, taonani." N'kumezadi, akuwayang'ana m'maso. Ine ndinasowa kolowera. Amayi anangoti, "Zikomo, ndakhuta," nkhope ili pansi, chonsecho anachoka ku Chipangali atangomwa tiyi wam'mawa.

Mwini malowo, mayi wa ku Nigeria wansangala, anabwera kudzafunsa ngati tsabola wachuluka, n'kunena kuti akhoza kuphika china chosawawa. A Edmond anawonjezera nsomba, mbale iliyonse n'kumakankhira kwa amayi. Sanakhudze ngakhale imodzi. Pomaliza mayi uja anatilongedzera zonse m'timabokosi, ife n'kukwera galimoto kubwerera kunyumba.

Chodabwitsa nachi. Titafika kunyumba, amuna anga anangotitsitsa n'kutulukanso atakwiya. Ine polowa kukhitchini ndinapeza amayi ali pamphasa, atatsegula timabokosi tija, akudya mpaka thukuta kamukamu. Egusi anamukombeza ndi chala, uku akundifunsa ngati zili nthanga za maungu zomwe timasinja kwathu zija. Anati anthu amenewa kutendera amakudziwa, angochepetsako tsabola. Koma anandiletsa kuuza a Edmond, ati angawaone ngati munthu wadyera.

M'mawa mwake amayi anakwera minibasi. Potsanzika anandiuza kuti, "Mwana wanga, nyumba yoti ndizidya mobisala ngati wakuba sindingadzakhalemo mwezi wonse wa chikuta. Ukadzachira, mwanayo ndidzamuonera kumudzi."

A Edmond nawo akuti amayi anawanyoza pagulu, anakana chakudya chawo ngati athiramo mankhwala. Akuti nthawi yanga ikakwana adzaitana alongo awo a Millicent, munthu woti sanaberekepo. Ine uyu ndi mwana woyamba, ndili ndi mantha, ndipo ndikufuna amayi anga pafupi. Ndikayambitsa nkhaniyi amuna anga amangoti zakumudzi zisiyeni kumudzi. Ndikaulula kuti amayi anadya, ndiphwanya mawu awo. Nditani?

L.B., Chipata

A L.B.,

Khazikani mtima pansi, mwana wanga, nkhani yanu si yakufa nayo. Pa anthu awiriwa palibe amene amada mnzake. Amuna anu anafuna kulemekeza apongozi monga amadziwira, ndi thebulo lodzaza. Amayi anu nawo analemekeza mkamwini monga anawalangira, potembenuza mpando. Akanawaona ngati mnyamata wamba wam'tauni, bwenzi atadya pamaso pawo osaphethira n'komwe.

Koma ndisakubisireni. Pa thebulo lija, amene ankadziwa mbali zonse ziwiri ndi inu nokha. Mukanati tikagule tidzadyere kunyumba, kapena kupempha thebulo lachiwiri, bwenzi lero mukugula matewera mwamtendere. Sindikunena izi kuti mulire ayi. Ndikufuna muone kuti chete yemwe uja ndi amene akukupwetekani mpaka lero, ndiye tsegulani pakamwa.

Yambani ndi amayi. Aimbireni foni, muwapemphe kuti akumasuleni pa mawu aja. Anakuletsani chifukwa cha manyazi chabe, si chinsinsi cha pamtundu chimenechi. Auzeni zoona, kuti mkamwini wawo akudandaula poganiza kuti chakudya chake chinanyozedwa. Ndikuwadziwa amayi otere, akamva kuti mwana wa eni akuvutika mumtima chifukwa cha iwo, amafewa msanga. Ndipo a Edmondwo akuganiza kuti timabokosi tija anatimaliza ndi mphaka?

Kenako khalani pansi ndi amuna anu, nthawi yoti adya ndipo apuma, osati akungotsika m'galimoto. Musayambe ndi kuwauza kuti analakwa. Yambani ndi kuwauza kuti egusi wawo anakombezedwa ndi chala, muone ngati nkhope siimasuka. Mukatero afotokozereni mwambowo bwinobwino, ndi chifukwa chake dzanja la mkamwini silitera m'mbale ya apongozi. Munene kuti munayenera kuwachenjeza musananyamuke. Mwamuna amavomera msanga akaona kuti mlandu simukumusenzetsa yekha.

Zikafika apo, ankhoswe agwire ntchito yawo, sanaikidwe kuti azingodya nkhuku za paukwati. Mwambo womasula mkamwini ndi apongozi umasiyana banja ndi banja, ena nkhuku, ena chitenje, ena kanthu kochepa pambale. Musalote, afunseni a kwanu, kufunsa ndi kudziwa njira. A Edmond apite okha ku Chipangali pamodzi ndi nkhoswe yawo, ndipo kupepesa kwa dzanja lija kudzere m'kamwa mwa nkhosweyo. Zimenezi si za pa foni. Munthu amene anakwanitsa kuitanitsa mbale zonse zija sangalephere mafuta opitira kwa apongozi.

Mwina amayi adzati sanakonzeke kudyera pamodzi ngakhale mwambo utachitika. Musawakakamize, zomwe munthu wakula nazo sizichoka ndi nkhuku imodzi. Chomwe anadandaula si kudyera kukhitchini, ndi kudya mobisala. Ndiye konzani poyera: bambo azidyera pabalaza, inu ndi amayi pamphasa kukhitchini kapena pakhonde, aliyense akudziwa kuti mnzake akudya. Nyumba zambiri m'Chipata muno zimatero, ndipo palibe amene wafa nazo. A Millicent nawo musawakane, abwere adzathandize kuchapa ndi kuphika, ntchito ya m'chikuta imafuna manja ambiri.

Kalesitilanti kaja musakade, kalibe mlandu. Tsiku lomwe amayi adzafike, a Edmond adzadutsireko, adzauze mayi wa ku Nigeria uja kuti achepetse tsabola, adzabwere ndi kabokosi ka egusi n'kukupatsani inu kuti mukapereke kukhitchini, iwo n'kukakhala pabalaza. Amayi adzamva zonse popanda wina kulankhula. Tsiku lina mudzawatengeko nokha awiri, akamufunse okha mwini malo za nthanga zija. Inuyo tsabola muchepetse pakadali pano, chilungulira chimavuta miyezi yomalizayi, ndipo kusikelo musajombe, poti kubwera kwa amayi sikulowa m'malo mwa chipatala.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu oti zakumudzi zisiyeni kumudzi asadzafike m'makutu mwa amayi anu, ndipo inunso musalole a kwanu kumatcha amuna anu munthu wopanda mwambo. Mawu otere akatuluka sabwerera, amadzatchulidwa ngakhale mwana atayamba sukulu. Komanso miyezi iwiri si yambiri, mwana woyamba amatha kufika osagogoda. Imbani foniyo lero lomwe. Musadikire kuti akadzabadwa ndiye adzawayanjanitse agogo ake ndi bambo ake, khanda si nkhoswe.

Aphungu