Ndinadya pamaso pa apongozi

Amayi, kaya kumeneko mwaswera bwanji? Ife kuno ku Mufakose tilipo, Mulungu akutisunga. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani chifukwa pali nkhani ina imene ndikaikumbuka thukuta limandituluka ngakhale kukuzizira. Koma ndiyambe ndi zabwino.

Mwana uja munamusiya ali m'mimba anabadwa bwinobwino, ndi wamwamuna. Tinamutcha Yamikani. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Akagona nthawi yaitali ndimapita kukaika chala pamphunopo kuti ndione ngati akupuma, mpaka mkazi wanga Rudo amandikalipira kuti ndimudzutsa. Mkulu wake Chisomo wayamba sukulu yamkaka. Chichewa akumva koma amandiyankha m'Chishona, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanamukoka khutu. Chimanga cha pakamunda kathu chinabereka, kungoti akuba anatithandiza kukolola mbali ya kumsewu. Madzi a pampopi akubwera akafuna okha, tikutunga pamjigo. Denga la kuchipinda chanu lija ndinamata, silikudonthanso. Ntchito ku Willowvale ilipo, tikuwotchererabe zitsulo, ngakhale masabata ena amatiuza kuti tikhale kunyumba.

Tsono nkhani ija ndi iyi. Alamu anga a Tendai, achimwene ake a Rudo amene amagwira ntchito kuchipatala ku Mangalande, anabwera mwezi watha ndi akazi awo. Anati chimwalirireni bambo awo, mayi awo sanasekepo, choncho anakonza zoti banja lonse tipite kunyanja ya Kariba tikagone masiku angapo m'kasitima ka pamadzi. Ine ndinkafuna kukana. Ana awiri, madzi, ng'ona. Ndinafunsa ngati kuli majekete oyandamitsa a ana, anati alipo. Ndinafunsanso mawa lake, Rudo anati ndikafunsanso kachitatu andisiya.

Titakwera, anzanga ankajambula zithunzi, ine ndinkagwedeza zitsulo za m'mbali kuona ngati Chisomo angalowetse mutu pakati. Zinali zolimba, amene anawotcherera ankadziwa ntchito. Amayi, sindikunamizeni, malo aja ndi abwino. Tizipinda tili pansi, kalikonse ndi bedi lake loyala kale, neti ya udzudzu, ndi fani. Matawulo anawapinda ngati abakha, moti Chisomo analira titafuna kupukutira. Shawa ukangotsegula madzi otentha ndi amenewo, osatunga, osakoleza moto. Ndinasamba kawiri tsiku lomwelo popanda chifukwa. Chovuta chinali chakuti chipinda chathu chinagundana ndi cha apongozi, pakati pali kathabwa kopyapyala basi. Ndinkaopa ngakhale kutsokomola. Chimbudzi chake ndi chopopa ndi dzanja ndipo chimalira kumveka sitima yonse, ndiye ine ndinkadikira injini iyambe kaye kulira ndisanalowemo.

Koma zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandigwetsa ndi tebulo.

M'sitima monse tebulo lodyera ndi limodzi, lalitali, pamwamba pomwe pali mthunzi. Nthawi ikakwana amaliza kabelu, aliyense n'kukhala pampando wake. A Tendai anandigwira phewa n'kundisonyeza mpando woyang'anizana ndi apongozi. Anati, "Mukwasha akhale apa, pamalo aulemu." Mukwasha ndi mmene amanditchulira onse kwa a Rudo, ndiye kuti mkamwini.

Inu mukudziwa zimene munandiphunzitsa. Munkati, "Fanuel, apongozi ako aakazi asadzaone pakamwa pako pakutafuna." Munkatiuza kuti ku Dedza bambo ankapatukira m'tchire akaona agogo akubwera m'njira, ndipo agogo ankanyadira kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woleredwa. Tsiku limene ndinkapita koyamba kwa a Rudo munanditsatira mpaka pokwerera kombi kudzandikumbutsa zomwezo. Ndipo ndinasunga. Ku Kambuzuma kwa apongozi sizinavutepo. Ndikafika kumeneko ndimapeza chochita, kaya kukonza geti, kaya kuwotcha nyama, ndipo mbale yanga ndimakadyera panja pansi pa mango. Palibe amene anafunsapo.

Pasitima palibe panja, amayi. Ntchito nayonso palibe. Ndinayesa kunyamula mbale kuti ndipeze pothawira, wantchito anandilanda mwaulemu n'kundikokera mpando.

Ndinanena kuti mutu ukuzungulira chifukwa cha madzi. Anakhulupirira. Apongozi mpaka anatuma Rudo kudzandipatsa ndimu kuti ndiziyamwa. Ndinagona m'kachipinda muja ndi ndimu m'manja, fungo la nsomba yokazinga likulowa pawindo, m'mimba mukulira. Kenako ndinatuluka n'kuzungulira kumbuyo komwe kuli khitchini. Wophika wake ndi bambo wachikulire, a Phiri, makolo awo anachokera ku Ntcheu. Anali atandimva ndikukalipira Chisomo m'Chichewa. Anandiyang'ana, anayang'ana ndimu, n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwadwala zoona kapena mukuthawa apongozi?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, kenako anatembenuza kireti ya zakumwa n'kuti, "Khalani apa. Ine anga anamwalira asanaone mano anga."

Ndinadya pamenepo, pafupi ndi injini, ndipo mawa lake m'mawa ndinachitanso chimodzimodzi.

Rudo ankadziwa. Tili awiri m'chipinda anandinong'oneza kuti, "Bambo a Chisomo, zimenezi amayi anga sakuzidziwa. Kwathu mkamwini amadya."

Ndinati, "Ndiye uwauze."

Anati, "Ndiwauze kuti chiyani? Kuti amuna anga satha kutafuna inu mukuona? Kawauzeni nokha."

Koma ndikanayamba bwanji kukamba za pakamwa panga ndi apongozi? Ndinaona kuti ndi bwino ndingopirira, masiku ake ndi ochepa, tibwerera kwathu zonse ziiwalika.

Anandiulula ndi Chisomo. Inali nthawi ya chakudya chamasana, ine ndili pakireti panga. Masitepe ochokera kukhitchini amatulukira pafupi ndi tebulo, ndiye zonse zinkamveka. Ndinamva apongozi akufunsa mwanayo kuti, "Bambo ako akupeza bwanji lero?"

Iye anati, "Ali bwino. Akudya nsomba kumbuyo ndi asekuru ophika aja. Dzulo anawonjezera."

Kenako akazi awo a Tendai anaseka n'kunena kuti, "Asiyeni, apeza abale awo. Anthu a ku Malawi ndi khitchini simungawalekanitse."

A Phiri anali akudula anyezi. Sanadzutse mutu, koma mpeni unaima. Pamwamba palibe anaseka nawo. Ndinangomva foloko ikuikidwa pambale, ndi mawu a apongozi akuti, "Chotsani mbale yanga."

Mukukumbuka kuti poyamba apongozi sankafuna kuti ndikwatire Rudo. Ankati mwana wawo sangapite kwa anthu opanda kumudzi. Munapita nokha ku Kambuzuma kukakamba nawo, ndipo zinatha. Ine ndinaiwala kalekale. Koma iwo ayi. Anaganiza kuti ndikuwasungirabe chakukhosi. Anauza Rudo kuti, "Ngati mukwasha amadya ndi aliyense kupatula pamene pali ine, ndiye kuti wonyansa ndine. Inenso sindidya."

Amayi, apongozi ali ndi matenda a shuga, ndipo mapiritsi anali atamwa kale. Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndine amene ndimakawatengera mankhwalawo nthawi zina. Komabe ndinakhala pakireti paja ndikudziuza kuti akwiya pang'ono, adya.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe, sitima inayandikira kumtunda chifukwa kunali njovu zikumwa madzi. Onse anathamangira mbali imodzi kukaona. Apongozi anadzuka kuti apite nawo, anayenda pang'ono, n'kugwada pansi atagwira chitsulo. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka. Rudo anakuwa. A Phiri anathamanga ndi kapu ya madzi a shuga. Woyendetsa sitima anati kuchipatala ndi kutali, ngakhale atayendetsa bwanji sitingafike kusanade. Ndinaima pamasitepe ndikuona zonsezi, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mayi awa akafera pano, ana anga adzakula akudziwa kuti agogo awo anafa chifukwa bambo awo anakana kukhala pampando.

Madzi aja anamwa, maso anayamba kubwerera. Koma atawabweretsera mbale anaikankha. A Tendai anawachonderera, anawauza zachipatala zonse zimene amadziwa, koma mbale sanaikhudze. Rudo anabwera pomwe ndinaima, Yamikani ali kumbuyo, nkhope yonse misozi. Sanakweze mawu. Anangoti, "Mwauona ulemu wanuwo?"

Ndinakwera. Ndinagwada chapatali n'kuomba m'manja monga amachitira kwawo, maso ali pansi. Chishona ndinabadwa nacho koma tsiku limenelo chinkandithawa. Ndinawauza kuti sindinadwale. Ndinawauza zimene munandiphunzitsa, za bambo ndi agogo, za pokwerera kombi paja. Ndinanena zonse pamaso pa alamu, akazi awo, antchito, ndi mwana wanga.

Apongozi anafunsa kuti, "Ndiye zaka zonsezi pansi pa mango paja, munkandithawa?"

Ndinati, "Ndinkakulemekezani, amayi."

Anati, "Kundilemekeza osandiuza? Ine ndimaphika, ndimasuzumira pawindo, ndimati mwana uyu sadzandikhululukira." Ndiye anati, "Mayi anu anali munthu, anabwera kunyumba kwanga ndi miyendo yawo. Koma apita. Amene watsala kuti aziona ngati mwadya ndine. Khalani apo."

Ndinakhala, amayi.

A Phiri anabweretsa mbale ziwiri, nsomba ndi mbatata. Patsogolo panga panali mipeni ndi mafoloko angapo, sindinadziwe choyambira. Ndinatenga foloko imodzi, ndinaibwezera, n'kutenga ina. Apongozi anaitanitsa beseni, anasamba m'manja, n'kulikankhira kwa ine. Ndinasamba. Koma chakudya chawo sanakhudze. Anapinda manja n'kumandiyang'ana pakamwa penipeni, pamene munati asadzapaone. Ndinanyema nsomba, ndinaika m'kamwa, ndinatafuna. Sindinamvepo kutafuna kwanga kukusokosa choncho. Nditameza m'pamene iwo anatambasula dzanja.

Chisomo anaomba m'manja n'kufuula kuti, "Baba achira!" A Tendai anaseka, apongozi nawonso anaseka pakamwa pali chakudya, ndipo Rudo akuti kanali koyamba kuwaona akuseka chimwalirireni bambo ake. Akazi awo a Tendai ankangoyang'ana njovu. Mawa lake anapita okha kukhitchini, sindikudziwa zimene anakamba ndi a Phiri, koma anabwerako atanyamula tiyi wa aliyense.

Masiku otsalawo belu likalira ndinkapita pampando wanga. Sindinazolowere. Ndinkadya pang'ono, mofulumira, ndipo apongozi ankandiwonjezera osafunsa.

Ndabwerako ndi manyazi a mbali ziwiri ndipo sindikudziwa aakulu ndi ati. Ndikaganiza za iwo, ndimaona mayi wachikulire atagwada pansi akunjenjemera ine nditakhuta. Ndikaganiza za inu, ndimaona mutaima pokwerera kombi paja mukundiloza chala. Kuntchito ndawotcherera kale chitsulo cholakwika chifukwa choganiza zimenezi. Sindikunena kuti munandiphunzitsa zoipa. Munandipatsa zimene munali nazo, ndipo ku Dedza zinkagwira ntchito chifukwa onse ankazidziwa. Kungoti simunandiuze chochita apongozi akakhala kuti sakuzidziwa, ndipo ine ndinalibe nzeru zofunsa mukadali moyo.

Potsika m'kombi ku Kambuzuma apongozi anandiuza kuti, "Lamlungu likubwerali ndikachoka kutchalitchi ndibwera ku Mufakose kudzadya. Ndione ngati mkamwini wanga amatafuna pamadzi pokha." Ndiye akubwera, amayi, m'nyumba mwanu muno. Rudo wagula kale nkhuku. Katebulo kathu mukukadziwa, munthu ukatambasula mwendo umagunda mnzako. Mipando yabwino ndi iwiri yokha, ndipo umodzi ndi wanu uja wa pawindo, umene palibe wakhalapo chichokereni inu. Chisomo akaukwera ndimamutsitsa.

Ndaganiza kuti ndiwapatse umenewo. Ndi chifukwa chake ndalemba lero osati pambuyo pake, kuti musangoona munthu wakhalapo musanamve kwa ine. Mwendo wake wakumbuyo ukugwedera, ndiumanga Loweruka. Ndidzakhala moyang'anizana nawo ndipo ndidzadya mpaka aone kuti mbale yayera. Koma ndikukulonjezani kuti maso anga adzakhala pambale, sindidzawayang'ana kumaso. Kameneko kokha ndikusungirani.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze kuti mwana wawo anayesetsa, koma pasitima panalibe tchire.

Ndimakukondani, amayi.

Ndine mwana wanu,
Fanuel