Valavu Idzafika Mvula Itatha

Lachitatu, 14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, koma ine mutu wanga suli m'malo. Ndalemba kalata dala, chifukwa pa foni mumandidula mawu ndi nthabwala yanu ija yoti mlongo wanu anathera zaka kusukulu kuti azilondera zimbudzi za anthu. Lero musaseke, ingowerengani.

Nkhani ndi ya nyumba ya amayi. Mukukumbukira chipaipi chija chimadutsa kuseri kwa mpanda, chonyamula zonyansa za tauni yonse kupita kuntchito kwathu koyeretsa madzi oipa? Munthu wamkulu angayende m'kati mwake atawerama pang'ono. Chakumunsi kwa msewu wa amayi, paipiyo ili ndi valavu, chitseko chachitsulo chotsegula ndi kutseka njira ya madzi. Valavuyo inachita dzimbiri, inauma ili yotseka theka. Nthawi ya dzuwa madzi amadutsa, koma mvula ikachuluka amabwerera m'mbuyo n'kutulukira m'mabafa ndi m'zimbudzi za nyumba zam'munsi. Chaka chatha inu munangomva. Ine ndinapeza amayi ataima pampando, zinthu zosatchulika zikuyandama pabalaza, ndipo anadwala m'mimba mpaka kugonekedwa kuchipatala. Pamsinkhu wawo sindikuona kuti angapirirenso kachiwiri.

Tsopano abwana anandipatsa ine ntchito yosankha valavu yatsopano. Wogulitsa anabwera ndi zithunzi zake zonyezimira, pakamwa pali uchi. Amvekere, "Mayi injiniya, tengani iyi. Ilipo kale m'nkhokwe, mwezi wamawa mwaika." Imeneyo ili ndi chimbale chachitsulo chimene chimatembenuka m'kati, koma ngakhale muitsegule yonse, chimbalecho chimatsalabe pakati pa njira. Pa madzi akumwa ndi yabwino, sindikana. Nanga athuwa? Amabwera ndi nsanza, matewera, tsitsi, majumbo, chilichonse chimene munthu sakufuna kuchionanso. Zonsezo zimakola pa chimbale, ndipo posakhalitsa njira idzatsekeka kuposa mmene ilili panopa.

Ina timaitcha ya mpeni. Chitsulo chake chimakwera chonse m'mwamba, njira n'kukhala mbee, ndipo chikamatsika chimadula nsanzazo. Yoyenera ndi imeneyo. Koma yaikulu chonchi palibe amene amaisunga m'sitolo. Amachita kuiumba ukaitanitsa, kenako ibwere pa sitima yapamadzi. Idzafika mvula itatha.

Ndikudziwa mufunsa kuti bwanji osangozula yakaleyo paipi ikhale pululu. Ndinafunsa ndisanakhale n'komwe pansi. Popanda valavu, madzi onse adzagwera nthawi imodzi pa mapampu athu n'kuwamiza, ndiye vuto la msewu umodzi lidzasanduka la tauni yonse. Ndinapempha pampu yongobwereka yoti izipopa madzi kulambalala pamenepo, akuti yamphamvu chotero kulibe. Abwana anangoti, "Sankhani ngati kuti mayi anu sakhala kumeneko." Kunena n'kosavuta, achimwene. Awo mayi awo amakhala pamtunda.

Lolemba ndinasaina, ndinasankha ya mpeni. Ya chimbale ija mwina ikanawapulumutsa amayi chaka chino, n'kudzazunza msewu wonsewo zaka zambiri, ndipo abwana sadzatigulira ina ife tili moyo. Ndinachita zoyenera, koma mtima ukundiwawa ngati ndaba.

Dzulo ndinapita kuti ndikawauze amayi. Ndinawapeza ali pakhonde ndi mayi osoka aja a nyumba yoyandikana. Ndisanavule n'komwe nsapato, amayi anati, "Si uyu ndimanena. Ndawauza onse mumsewu muno kuti asiye kudandaula, chitseko cha paipi akusankha mwana wanga." Mayi osoka aja anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti makina awo sadzawanyamulanso pamutu. Iwo atapita ndinangoti, "Amayi, bwanji mudzakhale kwanga mpaka mvula ithe?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndikatani m'kachipinda kako kam'mwamba, masitepe ngati ndikupita kwa Mulungu? Nyumba anamanga bambo ako ndiisiyire makoswe? Kapena pali chimene sukundiuza?" Ndinati palibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Amayi inu amakumverani, ine kwa iwo ndikadali kamwana kamamina kaja. Aimbireni foni, muwaitane adzakhale kwanu miyezi ya mvulayi. Nenani kuti alamu akufuna wowathandiza ana, nenani kuti mwawasowa, chilichonse chimene angakhulupirire. Kwa mayi osoka ndi ena onse ndipita ndekha Loweruka kukawauza zoona, akanditukwane ali ndi nthawi yokweza katundu. Zikatero amayi amva ndithu, ndipo ndikufuna akamamva akhale atavomera kale ulendo wakwanu, chifukwa akayamba kumva kaye adzati sangathawe anzawo ali m'madzi. Mukuwadziwa. Chonde musadikire kumapeto kwa mwezi monga mwa chizolowezi chanu. Kunja kwayamba kale kuchita mitambo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Amayi nawo akupereka moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti mawondo apepuka masiku ano, chifukwa sakuchitanso kukwera pogona. Bedi lawo linali pamwamba pa njerwa kuthawa madzi, ndipo dzulo lomwelo anati litsike, njerwazo apatse anzawo a kutchalitchi amangire khola la nkhuku. Anagwira kumutu, ine ndinagwira kumiyendo, tinalitsitsa.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi