Kasupe Woyalidwa Chafufumimba

Lolemba, 2 Seputembala

Kope latsopano. Lakale lija mizere yake yayamba kundithawa, ndiye ndagula la ana asukulu, la mizere ikuluikulu. Wogulitsa akuti, "N'la mdzukulu, Maalemu Thami?" Maalemu ndi mmene amatitchulira amisiri akuluakulu kuno. Ndangoti eya.

Ntchito yapezeka. Lalla Ghita, mkazi wamasiye wa dokotala uja wa ku Ziat, akukwatitsa mwana kumapeto kwa mwezi, ndipo akufuna bwalo lamkati mwa nyumba yake likonzedwe. Wopatsidwa ntchitoyo si ine ayi. Ndi mwana wanga Nawfal, poti iyeyo anakaphunzira zokongoletsa nyumba ku Casablanca, ali ndi pepala lopachika pakhoma. Ine zaka makumi asanu ndikuyala zeliji, matailosi a tizidutswa ta mitundumitundu, mu Fes muno, pepala langa ndi zikhatho zong'alukazi.

M'bwalomo, khoma lakum'mawa lili ndi kasupe wa zeliji, wotulutsa madzi pakhomapo, amene anayala malemu bambo anga. Lakumadzulo lilibe kanthu. Lalla akufuna kasupe wachiwiri, woyang'anizana ndi wa bambo. Ameneyo ndi wanga. Ndanena pamaso pa onse kuti wina asadzati sanamve.

Nawfal maso pafoni. "Tiona, bambo." Tiona chiyani?

Lachinayi, 5 Seputembala

Kukayeza khoma kwa Lalla Ghita.

Nawfal wayamba kale zake. Makoma onse oyera ngati chipatala. Makhushoni a mtundu wa phulusa. Nyale za mkuwa khumi ndi ziwiri, zoti zizilendewera mumitengo. Yasimini wa maluwa onunkhira wamudulira, wangotsala timiyendo. Amafunanso kugwetsa mtengo umodzi wa malalanje, mwa inayi ya m'bwalomo, ati ukutchinga chithunzi. Mtengo umene unabzalidwa iye asanabadwe. Lalla wakana, Mulungu amudalitse mayi ameneyu.

Ndinapita pa kasupe wa bambo. Ndinayendetsa dzanja pamwamba pake. Zaka makumi asanu ndi limodzi, madzi akuyendapo usana ndi usiku, palibe kachidutswa kogwedera. Ndinaima pamenepo mpaka manyazi.

Ndilembe pano, poti kope lilibe pakamwa. Chobiriwira ndi buluu kwa ine tsopano n'chimodzi. Zinayamba chaka chatha, ngati utsi wa pamoto wa mkate. Ng'ala, maso onse awiri. Akudziwa ndi mkazi wanga Zhor yekha, chifukwa anandipeza ndavala masilipasi osiyana popita kumzikiti.

Nyenyezi ya pakati pa kasupe wanga ili ndi nsonga makumi awiri ndi zinayi. Imodzi yobiriwira, yotsatira ya buluu, choncho mpaka kuzungulira. Maonekedwe ake ofanana ndendende.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Tamaliza kusema. Tizidutswa zikwi zitatu ndi kanthu. Bouchta ndiye wosema, mnzanga kuyambira tili ndi tsitsi. Nyundo yake sinakalambe koma pakamwa pake ndi pamsika. Kumuuza za maso anga m'mawa, pofika masana abulu a ku Rcif akhala atamva.

Nzeru ndapanga. Dengu la nsonga zobiriwira ndalimanga kachingwe kumphepete, mfundo ziwiri. Bouchta akamathira amatchula yekha mtundu, ine n'kumamanga ngati ndikuseweretsa zala. La buluu lilibe chingwe. Zina zonse, zoyera, zakuda, zachikasu, ndikuzionabe.

Lalla Ghita anabwera ku shedi kudzaona. Anapeza nditagwada, ndikuyala m'mphepete pansi. Anadabwa. "Nanga bwanji zonse zili chafufumimba, Maalemu? Ine ndikungoona dothi lokhalokha. Mitundu mukuiona bwanji?" Ndinati sitiona, Lalla, timadziwa. Timayala nkhope pansi, n'kuthira simenti kumsana, ikauma n'kutembenuza. Cholakwika chimaoneka tsiku lotembenuza, ndipo tsikulo sichikonzekanso.

Anati ndi ntchito ya anthu olimba mtima. Ndinakondwa, ndisaname. Ndi ntchito imene wakhungu angagwire, bola asasokoneze madengu.

Bondo lakumanja likupweteka.

Lachinayi, 12 Seputembala

Mtima ukuwira.

Ndafika m'mawa, shedi yasesedwa. Madengu anga akale kulibe. M'malo mwake atsopano, ofanana onse, atandandalikidwa ngati asilikali. Nawfal anabwera dzulo madzulo ndi wojambula zithunzi, ati makasitomala akunja amakonda kuona malo aukhondo. Anakhuthulira tizidutswa m'madengu akewo, anga n'kuwapereka kwa wotola zinyalala.

"Anali onyansa, bambo. Simukuthokoza?"

Ndinathokoza. Ndikanatani?

Madengu awiri a nsonga ali pamenepo, ngati mapasa. Ndinatenga kachidutswa m'dengu lililonse, kena thumba lakumanja, kena lakumanzere, kuti Zhor akandiuze. Ndangolowa pakhomo, chakudya chisanafike n'komwe, iye n'kuyamba. "Inu bambo a Nawfal, ndakulembetsani kwa dokotala wa maso." Wandilembetsa. Ngati mwana wopita kukatemera. Maalemu Thami kuyenda mumsewu waukulu wa Talaa ndi thonje padiso, anthu n'kumati uja watha. Ndinalumbira pa mkate kuti ndikuona bwino kuposa iyeyo.

Ndiye ukalumbira choncho, ungatulutsenso tizidutswa m'thumba n'kufunsa kuti aka n'kamtundu wanji?

Tidakali m'thumba.

Loweruka, 14 Seputembala

Ndayala nyenyezi.

Bambo ankati chobiriwira chimatuluka m'ng'anjo chitanona, buluu amatuluka wouma. Ndinkayesa n'zokamba za akuluakulu. Dzulo tsiku lonse ndakhala pakhomo la shedi, maso otseka, chala chachikulu chikusisita. Kakumanja, kakumanzere. Kakumanja, kakumanzere. Kakumanja kakuterera pang'ono. Kapena ndi thukuta langa, kaya.

Bouchta anandiseka. "Iwe Thami, ukufuna kukafunsira mbeta kachidutswako?" Ndinamuuza kuti asamale mano ake atatu otsalawo.

Vuto si la madengu okha. Ngati Nawfal anasakaniza pokhuthula, ndiye kuti kachidutswa kalikonse n'kokayikitsa. Choncho ndasisita kamodzikamodzi ndisanayale, nyenyezi yaikulu ndi ana ake asanu ndi atatu. Tizidutswa tinayi ndataya pambali, chala chinatikana. Ndayamba ndi chobiriwira pamwamba, monga wa bambo, kuti akasupe awiriwa aziyankhana.

Bisimillah, tathira simenti itangotha swala ya masana. Zatha. Chimene chili pansipo chili pansipo.

Lachitatu, 18 Seputembala

Tatembenuza.

Anthu asanu kukweza. Nawfal analipo, zimene sachitachita. Bouchta anapukuta ndi chiguduli chonyowa. Ine ndinaima patsogolo, manja kumbuyo, nkhope ya munthu amene akuona.

Ndinaona nyenyezi. Mizere yoyera yoongoka, yakuda ili m'malo mwake. Nsonga zonse mtundu umodzi wa madzi a m'chithaphwi.

Chete. Palibe wolankhula. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi ndi zisanu. Pa ntchito yabwino anthu sachedwa chonchi.

Kenako Bouchta anakhosomola, nati Mashallah. Ena aja n'kutsatira, Mashallah, Mashallah. Nawfal anandipsompsona pamutu, n'kutuluka kukaimba foni.

Ndikanafunsa ndani? Funso lake lotani? "Anthuni, ndiuzeni chimene ndapanga"?

Zhor anaphika nkhuku ya mandimu. Sindinadye.

Lachisanu, 20 Seputembala

Nawfal wabwera kudzadya kusikusi titachoka ku swala ya Juma. Waulemu kwambiri lero, mpaka kundisankhira nyama. Akuti zokamangirira kasupe kukhoma ndisavutike nazo, ali ndi anthu. "Bondo lanulo, bambo. Pumulani. Mudzaona zonse zitatha."

Chiyambire sindinalolepo munthu wina kuimika ntchito yanga. Ndalola. Ndikuopa kukaima pamaso pa Lalla Ghita, iye n'kuloza chala, ine osadziwa chimene akuloza.

Wamantha ndine. Ndalemba.

Loweruka, 28 Seputembala

Masiku asanu ndi atatu osalemba. Panalibe cholemba. Kunyumba, kumzikiti, kunyumba.

Lero nkhomaliro ya ukwati. Zhor anandisitira jelaba yoyera. Bwalo ladzaza, oimba pakona, fungo la madzi a maluwa. Makhushoni a phulusa aja anthu akuwayamikira. Kaya anthu a masiku ano.

Lalla Ghita anandigwira pamkono n'kundikokera pakati. Anakweza mawu kuti alendo amve. "Kasupe uyo wa bambo, uyu wa mwana. Banja limodzi, manja amodzi." Anthu anaomba m'manja. Mtima unatsika. Ndinati basi, Alhamdulillah, chala sichinandinamize.

Ndinapita kuti ndimugwire kasupe wangayo, monga ndichitira nthawi zonse.

Wosalala. Ngati galasi la pawindo.

Zeliji ya manja siisalala. Kachidutswa kalikonse kamakhala ndi kamutu kake, kena kotukuka, kena kozama, ndiye chifukwa chake madzi amavinapo. Uyu mizere yake yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, yodulidwa ndi makina. Pa nsonga yachisanu ndi chiwiri ndinasiya kachidutswa kobenthuka pang'ono pakona, Bouchta anaphonya nyundo. Ndinakafunafuna. Palibe.

Si wanga. Ndi wa kufakitale.

Ndinaima pamenepo dzanja lili m'madzi, anthu akundijambula. Bambo wina wa ku Rabat anati, "Manja ngati amenewa kulibenso." Ndinamwetulira. Ine Thami mwana wa Lmfeddel ndinamwetulira, kumbuyo kwanga kuli kasupe wa bambo anga.

Ndinachoka nyama isanabwere.

Lolemba, 30 Seputembala

Nawfal wabwera yekha, osaitanidwa. Anakhala kumphepete kwa mpando ngati mlendo.

Ndinamufunsa chimodzi chokha: ndinalakwitsa nsonga zingati?

Anayamba za kutali. Ati amayi ake anamuuza za maso anga mwezi wa Ramadani. Miyezi isanu ndi umodzi akudziwa. Ati tsiku la ukwati silisuntha, dzina la kampani yake likadali lanthete, sakanatha kudikira kuti aone ngati nditakhoze. Wa kufakitaleyo anamuitanitsa pa 3 Seputembala.

Ndabwerera m'mbuyo m'kope muno. Pa 2 ndi pamene ndinati kasupeyo ndi wanga. Mawa lake iye anali ataitanitsa kale. Khoma analigoba pa muyeso wa winayo, ine ndisanayale ngakhale kachidutswa kamodzi.

Ndiye masabata awiri ndinkagwada chifukwa chiyani? Bondo, thukuta, kusisita ngati wamisala?

"Sindinafune kukukhumudwitsani, bambo. Munkaoneka osangalala."

Kumupatsa mwana chidole kuti asalire. Ndi zimene wandichita. Ndipo Lalla Ghita akuyenda m'bwalo lake akukhulupirira kuti ali ndi ntchito ya manja anga.

Ndinabwereza funso. Zingati? Anati, "Zilibenso ntchito." Ndinamuuza kuti chitseko akuchidziwa.

Zhor akulira kukhitchini. Ati ankafuna kundithandiza. Aliyense m'nyumba muno akundithandiza, ndatsala pang'ono kufa nalo thandizo.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndamupeza kasupe wanga. Kuseri kwa shedi, ataimikidwa moyang'ana khoma, atafunditsidwa matumba a simenti. Ine ndi Bouchta tinamutembenuza awiriwiri, misana ikulira.

Kobenthuka kaja kali pamalo pake.

Ndinamuuza Bouchta zonse. Za ng'ala, za chingwe, za chala. Anaseka mpaka kutsokomola. "Chingwe chako ndinachiona tsiku lomwelo, nkhalamba iwe. Ukuyesa ndinkatchula mitundu mokweza chifukwa ndimakonda mawu anga?" Chaka chathunthu akudziwa, osauza munthu. Bouchta, wa pakamwa pamsika. Mwana wanga wophunzira ndiye uyo.

Ndinati ndiuze zoona, pali Mulungu. Zingati?

Akuti palibe. Ngakhale imodzi. Akuti tsiku lija anthu anakhala chete chifukwa onse ankadziwa za wa kufakitale, ndipo ankayembekeza kuti ndilakwitse kuti zikhale zosavuta. Akuti Nawfal nkhope inagwa ataona, n'chifukwa chake anathawira panja.

Ndinafuna kukhulupirira. Ndikufunabe.

Koma Bouchta ndi mnzanga wa zaka makumi asanu. Nayenso anati Mashallah tsiku lija akudziwa za khoma logobedwa. Munthu amene wandibisira chaka chathunthu chifukwa chondikonda, angalephere kundinamiza lero chifukwa chondikonda? Zhor ndikamubweretsa anena chimodzimodzi. Aliyense anena chimodzimodzi. Nkhalamba siuzidwa zoona, imapatsidwa tiyi.

Ndakhala pamaso pa nyenyezi yanga mpaka swala ya madzulo. Nsonga makumi awiri ndi zinayi, mtundu umodzi.

Lachinayi, 3 Okutobala

Ndauza Zhor kuti pepala la dokotala lija alitulutse. Anakweza manja kumwamba, ati potsiriza mwamva. Sindinamve kanthu. Asaganize kuti ndi za iye, kapena za Nawfal.

Opaleshoni ndi Lolemba m'mawa, osadya kanthu. Akuti amayamba ndi diso limodzi, linalo pakapita mwezi. Thonje padiso sabata yathunthu. Aone, Fes yense aone, ndidutsa dala m'Talaa.

Kiyi wa kuseri kwa shedi ndamuchotsa pa msomali, ali m'thumba mwanga. Munthu asakhudze kasupe ameneyo.

Ngati nsonga zalakwika, nyundo ya Bouchta ilipo, ndimuphwanya ndekha. Ngati zili bwino, ndibwereka bulu womunyamula, ndikagogoda kwa Lalla Ghita masana dzuwa likuswa mtengo, ndikamuuze chimene chili pakhoma lake. Dzina la kampani lidzionere lokha.

Diso limodzi likwana.